Boti likazima pakati pa nyanja, ndani amaimbira ndani?

Bambo Mbewe (Matawale):
Abambo ndi amayi a pa gulu lino, ndabwera ndi nkhani ya chitetezo cha pamadzi. Ambiri akamva za asilikali apamadzi amaganiza za Durban kapena Dar es Salaam, n'kumati ife sizitikhudza poti tilibe nyanja yamchere. Koma tawerengani madzi athu. Gombe la nyanja ya Malawi tikugawana ndi Mozambique ndi Tanzania. Chiuta anadulidwa ndi malire. Chilwa wathu yemweyu, madambo ake a kum'mawa amakalowa m'boma la Mecanhelas ku Mozambique. Funso langa ndi ili: boti la asodzi a kwa Makanjila likazima injini usiku, mwera n'kulikankhira kumpoto cha ku Meponda, ndani amaimbira ndani, pa nambala iti, ndipo ndani amanyamuka kukalifuna? Amene mukudziwa ntchitoyi tithandizeni, chifukwa ine ndikuona kuti vuto lathu lalikulu si kusowa ngalawa zazikulu.

Che Mposa:
Mwafunsa bwino achimwene. Tiyambe ndi amene alipo kale. Kwathu kuno asilikali apamadzi a MDF, gulu lankhondo la Malawi, likulu lawo lili ku Monkey Bay, komwenso kuli sukulu ya oyendetsa sitima ndi malo ofufuzira za nsomba. Palinso apolisi apamadzi, a nthambi ya za nsomba, ndi nthambi yoona za maulendo a pamadzi yomwe imalembetsa maboti ndi kuyeza ngati ali oyenera kunyamula anthu. Tsidya la Mozambique asilikali awo apamadzi ali ku Metangula. Tsidya la Tanzania madoko odziwika ndi Mbamba Bay, Liuli, Manda ndi Itungi. Ndiye anthu alipo, maboti alipo ngakhale ndi ochepa. Chimene chimasowa ndi ulusi wolumikiza maofesi amenewa nthawi ya 2 koloko usiku. Uthenga ukayenda njira ya boma, kuchoka pa doko kupita kwa mkulu wa polisi, kupita ku Lilongwe, ku unduna wa za kunja, ku ofesi ya kazembe, ku Maputo, ku Lichinga, kenako ku Metangula, pamatha masiku. Munthu wogwira chigubu m'madzi alibe masiku.

Nachisale:
Koma tisazembe chinthu chachikulu. Mungagwirizane bwanji za kulondera nyanja ndi Tanzania, dziko limene likuti theka la nyanjayo kumpoto ndi lawo? Mukangovomera kuti boti lawo lilondere pakati, mawa azidzati munavomereza malire.

Wa ku Chirunga:
Mayi Nachisale, mantha anuwo ndi omveka, ndipo ndi omwe amamanga manja akuluakulu. Tiyike nkhani poyera. Malawi amaima pa pangano la Heligoland la pa 1 Julayi 1890 pakati pa Britain ndi Germany, lomwe linaika malire pa gombe la kum'mawa, komanso pa mfundo ya ku Cairo ya 1964 yoti malire amene tinawapeza pa ufulu asasunthidwe. Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi. Mkangano unatentha mu 2012 boma litapereka chilolezo chofufuza mafuta kwa kampani ya Surestream chaka cha 2011, ndipo nkhaniyo inapita kwa atsogoleri opuma a mayiko a mu Africa motsogozedwa ndi Joaquim Chissano. Sinathe mpaka pano.

Ndi Mozambique zinthu n'zosiyana. Pangano la 1954 pakati pa Britain ndi Portugal linaika malire pakati pa nyanja, Likoma ndi Chizumulu n'kukhalabe zathu ngakhale zazingidwa ndi madzi a Mozambique. Apa palibe chotsekereza.

Tsono za Tanzania, odziwa malamulo ali ndi njira yakalekale. M'pangano lililonse la ntchito mumaikamo ndime yonena kuti chilichonse cholembedwa kapena chochitika pansi pa panganoli sichikhudza, sichisintha ndipo sichingagwiritsidwe ntchito ngati umboni pa nkhani ya malire. Si nzeru yatsopano. Pangano la mayiko la 1979 la kufufuza ndi kupulumutsa anthu panyanja limanena chimodzimodzi, kuti kugawa madera opulumutsira anthu sikukhudzana ndi malire a mayiko. Ndiye kunena kuti "boti lomwe lili pafupi ndilo lipite" si kupereka nyanja.

Nachisale:
Pa kupulumutsa anthu ndamva. Pa kumanga anthu ndiye sindikuvomera. Kumanga munthu ndi kuonetsa kuti pamalopo wolamula ndiwe.

Wa ku Chirunga:
Pamenepo mwalondola, ndipo n'chifukwa chake zinthu ziwirizi siziyenera kulembedwa m'pepala limodzi. Kumpoto tiyambe ndi kupulumutsa, kuchenjezana za nyengo ndi kudziwitsana za maboti okayikitsa, basi. Kumanga ndi kulanda maukonde tiyambire kumene malire ndi ogwirizana, kutanthauza mbali ya Mozambique, Chiuta ndi Chilwa.

Che Likangala:
Ndilowepo pa mawu oti "kulondera limodzi", chifukwa anthu amasakaniza mitundu itatu yosiyana.

Woyamba ndi kulondera mogwirizanitsa nthawi. Aliyense amakhala m'madzi ake, koma mumapangana tsiku, ola ndi dera, ndipo mawailesi amakhala otsegula. Wozembetsa katundu akathawa mbali ino amakapeza boti la tsidya likumudikira. Umu ndi momwe Indonesia, Malaysia ndi Singapore anayambira mu 2004 pa mpata wa Malacca, Thailand n'kudzalowa mu 2008. Palibe amene anadutsa malire a mnzake, koma achifwamba apanyanja anachepa kwambiri. Mtundu uwu ndi wotchipa ndipo suputa ndale.

Wachiwiri ndi kukweza msilikali kapena wapolisi wa dziko lina m'boti lanu. Mukafika m'madzi a kwawo, wolamula ndi kumanga amakhala iyeyo, inu mwangomupatsa mayendedwe. South Africa yakhala ikuchita zotere mu Operation Copper, yomwe inayamba mu 2011 mu Mozambique Channel, nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar: sitima ndi ya South Africa, koma mumakwera asilikali a Mozambique. Mu 2012 Tanzania inasaina nawo pangano la mayiko atatu pa ntchito yomweyo.

Wachitatu ndi gulu limodzi pansi pa mtsogoleri mmodzi. Uwu umafuna ndalama zambiri ndi kukhulupirirana kwakukulu, ndipo kwa ife ndi wa kutsogolo.

Pa Chilwa ndi Chiuta wachiwiriwu ndiwo ungagwire bwino kwambiri, chifukwa m'madambo muja palibe chikwangwani chokuuza kuti wadutsa malire. Mukakhala ndi wapolisi wa ku Mecanhelas m'boti, funso loti "tili mbali iti" silimaimitsanso ntchito.

Mayi Nangondo:
Nanga kuthamangitsa boti mpaka kulowa nalo tsidya? Anthu a m'magombe amati lamulo limalola bola ngati unayamba kulithamangitsa uli kwanu.

Wa ku Chirunga:
Ayi mayi, amenewo anamva theka. Pa nyanja zamchere, ndime 111 ya pangano la 1982 la malamulo a panyanja imalola kuthamangitsa sitima mpaka kunja kwa madzi ako, koma ufuluwo umatha pomwe sitimayo yalowa m'madzi a dziko lake kapena a dziko lina. Komanso panganolo silinalembedwere nyanja za mkati ngati zathuzi. Kuno mukadutsa mzere ndiye kuti mwalowa kale m'dziko la eni muli ndi mfuti. Popanda pangano lapadera lonena mtunda wololedwa, amene muyenera kumudziwitsa ndi kumene mukapereke womangidwayo, asilikali anu ndi amene angamangidwe.

Fundi wa Injini (Songani):
Mabwana, malamulo mwafotokoza, koma boti siliyenda ndi pangano. Tiwerengere mafuta. Injini ya panja ya 40 hp yosakaniza petulo ndi oyilo imamwa pafupifupi malita 15 pa ola mukaitsegula yonse. Mukaiyendetsa pakatikati imamwa cha m'ma 10. Kulondera kwa maola 6 ndi malita 60. Pamadzi lamulo la mafuta ndi la magawo atatu: gawo limodzi popita, limodzi pobwera, limodzi losakhudza. Ndiye munyamule malita 90. Oyilo ndi 50 kwa 1, kutanthauza theka la lita pa thanki ya malita 25. Mukalondera kawiri pa sabata, boti limodzi lokha limamwa malita pafupifupi 500 pa mwezi. Pangano lililonse losanena amene agule mafuta amenewa, kumene asungidwe ndi amene asaine potulutsa, limafa mwezi wachitatu.

Chachiwiri, Chilwa si nyanja ya Malawi. Madzi ake ndi osaya, malo ambiri mamita awiri kapena kuchepera, ndipo ndi a matope. Injini imakoka madzi oziziritsira kudzera pa timabowo ta pa mwendo wake, ndipo kampira kopopa madzi, impela, kakamwa matope ndi mchenga kamadyeka mapiko. Chizindikiro ndi kamkodzo ka madzi kotuluka kumbuyo kwa injini. Kakafooka kapena kusiya, zimitsani nthawi yomweyo, apo ayi mphindi zochepa injini yagwira. Boti lolondera pa Chilwa lisanyamuke lopanda impela yapadera, mapulagi awiri, pulopela ina ndi mapini ake, chingwe choyatsira, sefa ya mafuta ndi mpeni wodulira udzu ndi zidutswa za ukonde zokulungika pa pulopela. Ulusi wa ukonde ukalowa kuseri kwa pulopela umadula silo, madzi n'kulowa mu giyabokosi. Mukaona oyilo wa giyabokosi wasanduka ngati mkaka, ndi zimenezo.

Boti lake likhale la pansi pafulati, la aluminiyamu kapena fayiba, injini ya mwendo waufupi, ndipo mponda usasowemo. Boti lakuthwa pansi lopangidwira mafunde a ku Nkhata Bay likafika pa doko la Kachulu pa Chilwa mu Okutobala limangokhala pa matope.

Ndipo ngati mayiko awiri akufuna kuthandizana zenizeni, agule injini za mtundu umodzi. Boti la Mozambique likafera ku chilumba cha Chisi, sipeya ya pa doko lathu iligwire.

Bambo Mbewe (Matawale):
Afundi, mwanena zimene misonkhano ya m'mahotela siyikamba. Nanga mawailesi?

Che Likangala:
Wailesi ya pamadzi ndi VHF, ndipo tchanelo choitanira pa ngozi dziko lonse lapansi ndi 16, pa 156.8 MHz. Vuto lake n'loti mawu ake amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, sapinda kutsata dziko. Mtunda umadalira kutalika kwa mlongoti, osati mphamvu ya wailesi yokha. Kawerengedwe kake: tengani sikweya ruti ya kutalika kwa mlongoti uliwonse m'mamita, phatikizani, chulukitsani ndi 4.1, mupeza makilomita. Maboti awiri okhala ndi milongoti ya mamita 2 amamvana pa makilomita 11 kapena 12 zikayenda bwino. Ya m'manja ya mawati 5 imachepera pamenepo. Mlongoti wa mamita 30 pa gombe umafika pafupifupi makilomita 28. Nyanja ya Malawi pena ndi yotambalala makilomita 75, ndiye pakati pamatsala dera lalikulu logontha. Mankhwala ake ndi kukweza makina obwereza mawu pa phiri. Pa mamita 400 pamwamba pa madzi mumafika makilomita oposa 80, tsidya n'kumveka.

Ife a Zomba tili ndi mwayi umene ena alibe. Phiri lathu limadutsa mamita 2,000 pomwe Chilwa ali cha m'ma 620. Kusiyanako ndi pafupifupi mamita 1,400, ndipo pa kawerengedwe komweka ndi makilomita okwana 150. Makina amodzi oikidwa m'mphepete mwa phiri moyang'ana kum'mawa angaphimbe Chilwa yense kuchokera ku Kachulu mpaka ku Swang'oma ndi tsidya la Mozambique, kupatula mithunzi ya kuseri kwa phiri la Chisi ndi la Chikala. Zofunika: sola, mabatire okwanira masiku atatu a mitambo chifukwa chiperoni chimaphimba phirilo, chotetezera mphezi chokumbiridwa bwino, ndi mlonda. Zimene zimapha makina otere ndi mphezi ndi kubedwa kwa mabatire, osati ukalamba.

Mayi Nangondo:
Koma asodzi alibe VHF. Ali ndi mafoni.

Che Likangala:
Zoona, ndipo dongosolo liyambire pa foni. Pakhale nambala imodzi yaifupi, yaulere, yolembedwa pa doko lililonse, yoyankhidwa usana ndi usiku ndi munthu amene ali ndi wailesi pambali pake. Msampha wake ndi uwu: kufupi ndi malire foni imadumphira pa netiweki ya tsidya, monga Movitel, ndipo nambala yaifupi ya kwathu siigwiranso. Ndiye makampani a mafoni a mbali zonse ayenera kulowa m'pangano, kuti nambalayo ikaimbidwa pa nsanja iliyonse ya m'mbali mwa nyanja ifike kwa woyankha. Foni isungidwe m'thumba la pulasitiki lomangidwa m'khosi. Yambiri imafa ndi funde loyamba.

Che Mposa:
Ndiwonjeze zinthu zitatu zazing'ono zimene zimasokoneza kufufuza ngakhale mawailesi akugwira.

Nthawi. Malawi ndi Mozambique wotchi ndi imodzi, koma Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Wa ku Mbamba Bay akati boti linaoneka komaliza 4 koloko, kwathu inali 3 koloko. Onjezani kuti m'Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira m'mawa, moti "saa nne" ndi 10 koloko, osati 4. Boti lotengedwa ndi mwera likhoza kuyenda makilomita 2 pa ola kapena kupitirira, ndiye kulakwitsa maola 6 ndi makilomita 12. Pa uthenga wa ngozi nthawi ilembedwe m'manambala anayi, ndipo onse agwiritse UTC, nthawi imodzi yowerengera dziko lonse lapansi.

Malo. GPS imodzi imalemba madigiri ndi maminiti, ina madigiri ndi madesimo. 15°20.5' si chimodzimodzi ndi 15.205°. Yoyambayo ndi 15.342°, ndipo kusiyana kwake ndi makilomita 15. Mukafufuza kumene kulibe munthu tsiku lonse. Komanso mapu athu akale anajambulidwa pa muyezo wa Arc 1950 pomwe GPS imagwiritsa WGS84, ndipo malo amodzimodzi amasuntha mamita mazana angapo. Pofufuza munthu mamita amenewo mungawapirire, koma pa mlandu woti ukonde unali mbali iti ya malire, ndi okwanira kugwetsa mlandu.

Chilankhulo. Mabwana amalemberana Chingerezi ndi Chipwitikizi, kumafuna womasulira. Koma anyamata a m'maboti a ku Metangula ndi ku Cobue amayankhula Chinyanja, ndipo a ku Mecanhelas Chinyanja, Chilomwe ndi Chiyao ngati ife tomwe. Khadi limodzi lokutidwa ndi pulasitiki, la mafunso asanu ndi awiri m'zilankhulo zonse, lingathetse zambiri: muli kuti, ndi nthawi yanji, muli angati, boti ndi lotani ndipo ndi la mtundu wanji, chavuta n'chiyani, mphepo ikuchokera kuti, muli ndi majekete oyandamitsa kapena ayi.

Nachisale:
Za "saa nne" ndi zenizeni, amalonda a ku Songwe amazidziwa bwino. Pitirizani, kufufuzako kumayenda bwanji?

Che Mposa:
Woyang'anira amaika kadontho pa mapu pamene boti linaoneka komaliza. Amawerenga maola amene adutsa kufikira nthawi imene opulumutsa adzafike, osati nthawi imene uthenga wafika. Amasuntha kadonthoko motsata mphepo. Boti lopanda katundu limathamanga ndi mphepo kuposa lodzaza madzi, ndipo munthu amene ali m'madzi amatsalira m'mbuyo, ndiye ngati ena anagwa mumakhala ndi madera awiri. Ngati boti lofufuza ndi limodzi ndipo malo mukuwadziwa bwino, mumazungulira mwa bokosi lomakula: mwendo woyamba ndi wachiwiri mtunda umodzi, wachitatu ndi wachinayi kawiri, kumapita choncho. Ngati maboti ndi angapo, amafola mzere n'kuyenda mofanana. Mpata pakati pawo umadalira chomwe mukufuna: mutu wa munthu pa mafunde suoneka kupitirira mamita mazana ochepa, pomwe boti limaoneka pa makilomita angapo.

Apa ndi pamene mgwirizano umalipira. Dera lofufuza limakula mofulumira kwambiri: mtunda wokayikitsa ukawirikiza kawiri, dera limakula kanayi. Boti la tsidya lofika pa maola awiri limaposa maboti anayi a kwathu ofika pa maola asanu ndi atatu. Ndipo wolamula pamalopo akhale mmodzi, amene wayamba kufika, kufikira woyang'anira atanena zina. Maboti awiri olamulidwa ndi anthu awiri amafufuza malo amodzi kawiri n'kusiya ena osapondamo.

Tisaiwale kuti nyanja ya Malawi inameza sitima ya Vipya mu Julayi 1946 pamodzi ndi anthu 145, ndipo mu Juni 2012 anthu oposa 40 ochokera ku Ethiopia anamira ku Karonga boti lowazembetsa litagubuduka. Ulendo wa anthu amenewo unadutsa m'dziko loyandikana nalo usanafike pamadzi athu. Uthenga umodzi wochokera tsidya ukanatha kuimitsa botilo lisananyamuke.

Mayi Nangondo:
Ine ndibwerere ku nsomba, chifukwa pa Chilwa ndi Chiuta mkangano wa tsiku ndi tsiku si achifwamba, ndi maukonde. Malamulo a mbali ziwiri akasiyana, kulondera kumangosamutsa vuto. Chitsanzo ndi Chiuta. Asodzi a mbali ya Malawi anathamangitsa nkacha, mtundu wina wa khoka, m'zaka za m'ma 1990 kudzera m'makomiti awo a m'magombe, chifukwa inkakokolola ndi tiana tomwe ndiponso kuvundula madzi akumwa. Eni nkacha ambiri anangosamukira mbali ya Mozambique ya nyanja yomweyo. Nsomba sizidziwa mzere, ndiye amene anadziletsa ndi amene analuza.

Pa Chilwa chimodzimodzi. Nyanja imatsekedwa kwa makoka nthawi ya mvula kuyambira Disembala kuti matemba ndi makumba aswane. Ngati tsidya sikutsekedwa masiku omwewo, makoka amangowolokera kum'mawa, nsomba n'kudzabwerera pa njinga ngati zogula kunja. Choncho asanakambe za maboti olondera, a za nsomba a Zomba, Machinga ndi Phalombe ndi anzawo a ku Mecanhelas agwirizane zinthu zinayi: masiku otsekera, kukula kwa maso a ukonde, mndandanda umodzi wa zida zoletsedwa monga neti ya udzudzu ndi maukonde a monofilamenti, ndi kalembera wa maboti. Boti lililonse likhale ndi nambala yopentedwa mbali zonse ziwiri, zilembo zosachepera masentimita 20 kuti ziwerengeke patali, ndipo mabukuwo azisinthanitsidwa chaka ndi chaka. Popanda nambala, uthenga woti "boti la matabwa lobiriwira" ulibe ntchito, poti otere alipo mazana.

Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018, ndipo nthawi zonse nsomba zimabwerera kuchokera ku zotsalira m'mathamanda a mitsinje ngati Likangala, Domasi ndi Phalombe, ndi m'madambo. Zina mwa mbewuzo zimabisala mbali ya Mozambique. Kuteteza mathamanda amenewo chaka cha chilala ndi ntchito ya mayiko awiri.

Fundi wa Injini (Songani):
Amayi anena zoona. Ndipo olondera asaiwale a m'zimbowera, tinyumba toyandama ta asodzi pa Chilwa. Anthu aja amakhala pamadzi miyezi, amaona boti lililonse lodutsa usiku. Mukawatenga ngati adani mwadzitseka maso nokha.

Mayi Nangondo:
Eya, ndipo njira yowafikira ilipo kale. Katemera wa kolera wa 2016 anafika m'zimbowera kudzera mwa atsogoleri a asodzi omwewo. Kolera nayenso amawoloka malire pa bwato, ndiye nambala ya ngozi ija izilandiranso uthenga wa matenda.

Wa ku Chirunga:
Pali gawo lomwe limagwetsa ntchito yonse likanyalanyazidwa: chimachitika n'chiyani munthu akamangidwa. Pa nthawi ya achifwamba a ku Somalia, sitima zankhondo zinkagwira anthu n'kuwamasula chifukwa panalibe khoti lowalandira, mpaka Kenya ndi Seychelles anavomera kuweruza milanduyo. Kwathu vuto limabwera pa umboni. Dongosolo lake liyenera kukhala lotere. Musanakhudze chilichonse, jambulani GPS ikuonetsa malo ndi nthawi, boti logwidwa likuoneka kumbuyo. Lembani m'buku mayina a onse a m'boti lanu ndi amene analamula. Yezani maso a ukonde unyowe, malo angapo osiyana, ndi choyezera chovomerezeka, mwini wake akuona. Werengani katundu yense, injini ndi nambala yake, mafoni, ndalama, nsomba pa kulemera kwake, mwini asaine kapena adinde chala, ndipo alandire kope. Chilichonse chikasintha manja, wopereka ndi wolandira asaine. Pakasowa siginecha imodzi, loya amangofunsa kuti ukonde uwu ndi womwewo kodi, mlandu n'kutha.

Ngati womangidwa ndi nzika ya dziko lina, pangano la Vienna la 1963 limati auzidwe kuti ali ndi ufulu woti kazembe wa kwawo adziwitsidwe. Mozambique ili ndi ofesi yotere ku Blantyre. Malamulo athu amatinso womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48. Ndipo m'pangano mulembedwe kuti msodzi wongosochera kapena wotengedwa ndi mphepo si wolakwa: apatsidwe madzi, mafuta ngati alipo, abwezedwe pa doko kapena pa chipata chodziwika ngati Nayuchi ndi Entre Lagos, boti ndi injini yake zili m'manja. Msodzi mmodzi akalandidwa injini popanda risiti, gombe lonse limasiya kuimba foni, ndipo tsidya limabwezera pa msodzi wathu wotsatira.

Bambo Mbewe (Matawale):
Funso lina. Za ku nyanja yamchere, monga malo amene mayiko amasonkhanitsira mauthenga a chitetezo cha panyanja, ife zikutikhudza pati?

Che Likangala:
Zikutikhudza pa thumba. Mafuta, feteleza ndi mankhwala athu zimatsikira ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Njira ya sitima ikaopsa, inshuwalansi imakwera, mtengowo n'kudzatipeza pa msika wa Zomba. Zigawenga za ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, zitalanda doko la Mocímboa da Praia mu Ogasiti 2020, zinaonetsa kuti gombe lopanda olondera limasanduka msewu wa zida. Mayiko a kumeneko ali ndi pangano la Djibouti la 2009 lolimbana ndi achifwamba apanyanja, lomwe linakulitsidwa ku Jeddah mu 2017, malo osonkhanitsira mauthenga ku Madagascar ndi ogwirizanitsira ntchito ku Seychelles, ndipo SADC inavomereza ndondomeko yake ya chitetezo cha panyanja mu 2011. Chimene tingatengereko si nyumba zazikuluzo ayi, koma kachitidwe kamodzi: dziko lililonse limatumiza msilikali wake kukakhala m'chipinda chimodzi ndi anzake. Uthenga ukafika, amatembenuka pa mpando n'kufunsa mnzake, iye n'kuimbira kwawo. Kwa ife ndiye kuti mmodzi wa ku Metangula akhale ku Monkey Bay, wathu akhale ku Metangula, miyezi isanu ndi umodzi n'kusinthana.

Achitsanzo apafupi ndi a nyanja ya Victoria, omwe ali ndi bungwe limodzi la za nsomba kuyambira 1994, ndi a nyanja ya Tanganyika omwe mayiko anayi anasaina pangano mu 2003. Ife mayiko atatu a nyanja ya Malawi tilibe bungwe lotere logwira ntchito.

Nachisale:
Ndiye mukuti tigule radar ndi AIS?

Che Likangala:
AIS, chida choulutsa dzina la sitima ndi pamene ili, ikhale pa sitima zonyamula anthu ndi katundu, monga Ilala, ndi pa maboti a boma. Imaonetsa okhawo amene akufuna kuoneka, wozembetsa amangoizimitsa. Radar imavutika kuona bwato la mtengo pa mafunde, ndipo pa Chilwa bango ndi udzu zimadzaza sikirini. Ndalama yoyamba ipite ku mlongoti wa pa phiri, nambala ya ngozi, mafuta ndi majekete. Ndipo pakhale kuyesa mawailesi pakati pa mbali ziwiri tsiku lililonse pa ola lodziwika, kulembedwa m'buku. Njira yosayesedwa mumaidziwa kuti inafa tsiku la ngozi.

Che Mposa:
Ndipo pali khomo lolowera kale. Malawi ndi Mozambique ali ndi komiti yokhazikika ya za chitetezo yomwe imakumana, ndipo akuluakulu a maboma a m'malire amayenderana. Chofunika ndi tsamba limodzi lowonjezera lopatsa mphamvu mkulu wa pa doko kuimbira mnzake wa tsidya mwachindunji pa nkhani ya ngozi, n'kudziwitsa likulu pambuyo pake. Panopa wapolisi wa ku Kachulu akatero yekha akhoza kufunsidwa kuti anamutuma ndani.

Mayi Nangondo:
Nthawi yoyeserera ikhale Epulo kapena Meyi, madzi a Chilwa akadali okwera, mwera usanalimbe. Chidole chovekedwa jekete chiponyedwe kum'mawa kwa Chisi, komiti ya gombe iimbe nambala ija osachenjeza woyankha, ndipo wina alembe mphindi zimene zadutsa mpaka foni kuyankhidwa, mpaka tsidya kudziwitsidwa, mpaka boti kunyamuka, mpaka chidole kupezeka.

Fundi wa Injini (Songani):
Muwonjezepo mphindi zopezera kiyi wa sitolo ya mafuta, amayi. Nthawi zambiri boti limakhala lili bwino, woyendetsa alipo, koma wosunga kiyi ali ku tauni. Makiyi akhale awiri, wina kwa mkulu wa pa doko, ndipo matanki awiri a malita 25 azikhala osakaniza kale ndi omata chidindo. Petulo wosakaniza asapitirire mwezi ali m'thanki, chifukwa amauma n'kutseka majeti a kabuleta. Mwezi ukakwana mum'gwiritse polondera, mudzazenso watsopano.